Galasi Lochedwa la ku Joni

Ndinalakwa, ndipo ndiyambira pomwepo kuti inu amene mwatchera khutu kuti mundigwire bodza mukhale pansi mupume. Mkhate wa akazi anga, umene anandipatsa kuti ndikapereke kwa mwana wathu ku Joni, ndinausinthanitsa ndi galasi pa msika wa zinthu zakale, kenako ndinawauza kuti unasweka pa njira. Bodza langa ndi limenelo, limodzi lokha. Zina zonse zimene ndilembe pano zinachitika ndithu, ndipo wokayika akwere njinga abwere kuno ku Mphunzi, galasilo lilipo, latsamira khoma la pabalaza, adzaime patsogolo pake ngati mtima wake ndi woyera kuposa wanga.

Ine pamudzi pano ndine mkamwini. Imvi zandimerera pompano, nyumba ndinamanga ndine, mapichesi onse a kuseriku ndinabzala ndine, koma likafika tsiku la nkhani za mbumba ndimakhala kumapeto kwa mphasa ngati mlendo wodzapala moto, ndipo amene amayankhula ndi alamu anga aLukiyo, mlongo wawo wa akazi anga aNankhoma. Tsono mkhate umenewu sunali wanga, ngakhale phale lake. Ana a masiku ano amene munakulira m'mabeseni apulasitiki, mkhate ndi mbiya ya kukamwa kwakukulu yosambiramo. Uwu anaumba ndi agogo awo a aNankhoma, ndipo khanda lililonse la mbumba imeneyi madzi ake oyamba linasambira mmenemo: aNankhoma, aLukiyo ndi chimutu chawocho, ana athu onse. Unali wakuda bii ndi utsi ndi manja a anthu, ndipo unkakhala kuseri kwa chitseko, pamalo pake.

Chaka chatha mwana wathu Sesiliya, amene anakwatiwa ku Joni, anabereka mwana wake woyamba, wamkazi. Mayi ake miyendo inawakaniza ulendo, ndiye anati ndipite ine. Tsiku lonse anakhalira kumanga mkhatewo, udzu wouma mkati, udzu wina kunja, pamwamba chitenje chawo cha ku tchalitchi, namanga mfundo zimene ngakhale mbuzi ya njala sikanamasula.

"Bambo a Sesiliya, uwu musauike pansi," anatero. "Ngakhale popita kuseri muzipita nawo."

"Ine ndinasenzapo ng'ombe yothyoka mwendo kuchokera kudimba," ndinawayankha. "Kambiya aka n'chiyani?"

Ndipo ndinaunyamuladi, pamenepo pokha munditamande. Basi ndinakwerera pa chipata cha Dedza, mkhate pa miyendo, ndipo ku Tete kunatentha kotero kuti mbatata ya kachewere yaiwisi imene ndinaika m'thumba la jekete inapsa yokha, ine kumangotulutsa n'kumasenda, anthu a m'basi akupempha mchere, maenje a mu msewu akuya moti basi ikalowamo dalaivala ankayatsa nyali ndi kuimba hutala kuti ina yotuluka isatigunde, anthu mitu ikumenya denga, mayi wina mano oikirira anamuchoka n'kukaluma khutu la kondakitala, koma mkhate sunagwedezeke, amene ndinkasweka ndine. Pa chipata cholowera dziko la Joni mzere unali wautali moti bambo wina wa ku Ntcheu amene anali patsogolo panga anafesa mpiru pamene anaimapo, nathirira, nathyola, natigawira, pasipoti yake isanadindidwe. Mukumva? Mzere wonsewo ndinaima mkhate uli pamutu.

Tinafika Loweruka m'mawa. Amene anadzandichingamira anali mwamuna wa Sesiliya, mkamwini wanga, amene Loweruka amagwira ganyu yotsitsa katundu pa msika wina wa zinthu zakale. Anati sangajombe, ndiye ananditengera komweko, nandikhazika pa mthunzi kuti ndidikire mpaka aweruke. Ine kukhala pansi sindidziwa. Atangotembenuka ndinanyamula phukusi langa n'kulowa mu msika.

Inu mumati kaunjika wa pa Dedza ndi msika. Lija ndi khonde chabe. Msika umenewu mbali imodzi kumagwa mvula mbali ina anthu akudandaula fumbi, ndipo wogulitsa wa kumapeto akafuna kukapereka moni kwa mnzake wa kuchiyambi amatsanzika banja lake ndi kutenga kamba. Koma chimene chinandizunguza mutu ndi katundu wake. Amagulitsa zimene ife tinataya kudzala: simbi zamakala zija za tambala pamwamba, mbale zachitsulo zosupuka utoto, nyali za parafini zopanda chingwe, makina osokera opukusa ndi dzanja, mabedi achitsulo olira ngati nkhumba yomangidwa, mawotchi ataliatali onga bokosi la maliro loimika, ndipo azungu, ndi anthu akuda ovala bwino omwe, akulimbirana, akusisita, akujambula pa foni, chinthu chikachuluka dzimbiri ndi pamene akuchikonda, moti ndinaona bambo wina akubweza ketulo mokwiya chifukwa wogulitsa anailakwira poitsuka. Ndinaona mpando umene unakhalidwa ndi anthu ambiri kotero kuti ukangouyandikira umausa moyo. Ndinaona chopukusira nyama chokalamba chimene mano onse anatha, chimangoyamwa. Ndinaona bulangeti la mabowo okhaokha, mayi wina akulifunda n'kumazungulira kuti mwamuna wake amuone kukongola. Mumtima ndinati, likanakhala dzala la kwathu lili pano, bwenzi ndili bwana. Ndinayenda, ndinagwiragwira, ndinanenerera ndi manja ndi Chingerezi changa cha kumunda, mpaka wogulitsa masupuni wina anandipempha mwaulemu kuti ndichoke asanandipatse tebulo lonse ulere.

Kenako ndinaliona galasi lija. Linatsamira galimoto la mayi wina wachizungu, wachikulire, wa chipewa cha mlaza ngati cha kudimba. Kutalika kuposa chitseko cha nyumba yanga, m'mbali mwake thabwa lakuda losemedwa mphesa ndi masamba, pansi mapazi a mkango, nkhope yake ya mawanga ngati nthenga za nkhanga. Ndinaima patsogolo pake kuti ndikonze kolala, koma sindinadzione. Mkatimo munali mzungu wa ndevu za pamlomo, wavala malaya amkati, akumeta, kumbuyo kwake mkazi wake akupesa tsitsi. Ndinacheuka: kumbuyo kwanga kunalibe munthu wometa. Ndinakweza dzanja, iye anapitiriza kumeta. Ndinamutulutsira lilime, sanandilabadire.

Ine nzeru zanga n'zothamanga, ndinazindikira pomwepo. Galasi limeneli linali litakalamba, ndipo linkaona bwinobwino koma kuyankha linkachedwa. Linatsalira m'mbuyo zaka zambirimbiri, likuonetsabe zimene linaona kalekale m'nyumba ya eni ake, lisanafike pa za lero.

Ndinakumbukira aLukiyo ndi kanema wawo wa sola, amene amazima mtambo ukangodutsa, koma anthu amakaonera kwawo atakhala mwaulemu ngati ali pa Misa. Ndinadziona ine, wa kumapeto kwa mphasa, mudzi wonse utadzaza pabwalo panga.

Ndinakhala pansi pompo kuti ndiganize bwino, phukusi pa miyendo, ndipo chitenje chinali chitasendera pang'ono, mlomo wa mkhate ukusuzumira. Mayi uja anauona. Anabwera, nagwada, napempha ndi manja kuti aone. Ndinamasula ndine, ndi zala zanga izi. Anausisita, anaugogoda ndi chala n'kuika khutu, anaununkhiza, maso akulengeza misozi, naloza mkhate, naloza matebulo ake onse kuti ndisankhe. Ine ndinaloza galasi. Anapukusa mutu. Anandipatsa wotchi, ndinayang'ana kumwamba. Anawonjezera nyali ndi kabati, ndinayasamula. Ndinayamba kumanganso chitenje, pang'onopang'ono, ndikuimba mluzu, ndipo ndisanamalize anandigwira dzanja.

Mumtima ndinati ndapusitsa mzungu. Ndinati mwana wa ku Joni amasamba m'bafa loyera la madzi otentha a pampopi, dothi la ku Mphunzi achita nalo chiyani? Ndinati mbiya ndi dothi, ndipo dothi kwathu silitha. Zonsezi ndinadziuza nditaima patsogolo penipeni pa galasilo, ndikupereka mkhate ndi manja awiri, mano onse ali pamtunda. Gwirani pamenepo: patsogolo pa galasilo.

Mkamwini wanga ndinamuuza kuti galasi ndalipeza ndi pakamwa panga, naye poopa apongozi sanafunse zambiri. Sesiliya ndinamupatsa chitenje chokha, ndinati mayi ako anakutumizira mkhate koma unasweka pa maenje a ku Tete, mapale ndinaponya mu Zambezi. Analira, naimbira foni mayi ake, ndipo bodza langa linafika ku Mphunzi ine ndisanavule nsapato. Bafa loyera lija kunalibe. Amakhala m'kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ya eni, ndipo mdzukulu wanga ndinamuona akusambitsidwa m'beseni lomwe amatsukiramo mbale.

Loweruka linzake ndinabwerera ku msika kuja, ndinati ndikungokaona. Mkhate ndinaupeza pamwamba pa tebulo, atasomekamo maluwa ouma, ndipo ndikuyang'ana choncho mnyamata wina ndi mkazi wake anaunyamula, nauika kumbuyo kwa galimoto pamodzi ndi galu. Ndikanatha kukuwa. Ine amene ndikaitana ng'ombe ku Mphunzi zimayankha za ku Mozambique, ndinabisala kuseri kwa kabati mpaka galimoto linapita.

Pobwerera a basi anakana galasi, ati m'ngolo ya kumbuyo mwadzaza mafiliji ndi matiresi, ine ndinati palibe kanthu, ndinaliimika m'kanjira ka pakati pa mipando n'kulikumbatira ulendo wonse, ndipo anthu anasiya kuonera kanema wa m'basi, onse makosi atapindikira kwa ine, akuonera mzungu uja akuvina ndi mkazi wake, ena akuomba m'manja, wina akufunsa ngati ndingabweze pamene anagwa. Pa chipata msilikali wofufuza katundu analisuzumira, napeza mzungu wavala yunifolomu ya nyenyezi paphewa akumanga lamba, anaima njo, dzanja pa chipumi, natilola kudutsa basi yonse osatsegula ngakhale chikwama. Ku Tete kunatenthanso, koma m'galasimo inali nyengo yachisanu, mawindo a mzungu atachita nkhungu, ndiye mphepo yozizira inkatuluka mmenemo, amayi akufunditsa ana, dalaivala akupempha jekete langa, kunja mbuzi zikukomoka ndi dzuwa. Kuchokera pa Dedza ndinalikweza pa ngolo, ndipo ng'ombe zitacheuka n'kuona hatchi ikudutsa pa windo la mzungu zinachita nsanje, zinathamanga moti tinafika ku Mphunzi fumbi lathu lisanadzuke pa boma. Mukumva?

Anthu anabwera monga ndinafunira. Kanema wa aLukiyo anatsala ndi nkhuku zokha. Amayi akaweruka kudimba ankabwera ndi makasu awo omwe, kudzaza pabalaza mpaka pakhonde, kuonera banja la mzungu uja. Anawapatsa ndi mayina. Mwamunayo anamutcha Chindevu, mkazi wake Nachisale, ndipo ankawalangiza mokweza.

"Iwe Nachisale, mwana amagwira choncho? Khosi limenelo lithyoka."

"Taonani Chindevu, wadya osasamba m'manja. Kwawo kulibe ankhoswe?"

Ine ndili pa mpando pambali, mwendo pa unzake, kufotokoza za ku Joni. ALukiyo anabwera tsiku lina, naima pakhomo manja kumbuyo, nati, "Alamu, mwapita kukaona mwana, mwabwera ndi azungu oti tiziwasunga. Adya chiyani?" Koma anakhala, ndipo anachoka womalizira.

Munthu mmodzi yekha sankaseka. ANankhoma anandilandira bwino, madzi osamba anandipatsa, za mkhate sanandikalipire ngakhale liwu limodzi. Anangoti, "Ndinachepetsa udzu. Ndikanaika ndi gaga pansi pake." Mawa lake anabwerezanso. Posesa m'nyumba ankalambalala kuseri kwa chitseko, pamene mkhate unasiya chizindikiro chozungulira pa dothi. Anapita okha kwa aLukiyo kukagwada kuti ataya chinthu cha makolo, ndipo ndinamva ndi makutu anga, ndili kuseri kwa nkhokwe, aLukiyo akuti, "Mlongo, inu manja anayamba kale kunjenjemera, bwanji simunaitane wina akumangireni?" Iwo anavomera. Kuyambira pamenepo wina akawapatsa mazira kuti asunge ankakana. Mwana wa mng'ono wawo atabereka, anawabweretsera khanda kuti alilandire monga mayi wamkulu, iwo anabisa manja m'chitenje, nati, "Patsani wina, manja anga ndi oswa zinthu."

Ine ndinati zidzatha, adzaiwala. Koma galasi silinkaima. Amayi aja, pofuna kuona bwino, anayamba kulipukuta ndi phulusa losefa, ndipo akapukuta kamodzi chaka chinkadumpha. Mwana wa Chindevu amene ankakwawa kumayambiriro kwa sabata, pofika Lamulungu anali ndi ndevu zakezake. Chindevu dazi linamumera tikuona, mimba inatsogola, ndodo inabwera. Tsiku lina masana, ndikukukuta chimanga chokazinga, ndinaona Nachisale wavala zakuda, ali yekha, anthu akuyeza mipando ya m'nyumba muja ndi maso, ndipo ndinasiya kutafuna. Katundu akatuluka m'nyumba ya maliro amapita kuti? Ku msika. Nanga ku msikako ndani anaima patsogolo pa galasi, mano onse pamtunda?

Kuyambira tsiku limenelo mpando unayamba kundiotcha. Ndinabisa phulusa, amayi anabwera ndi lawo. Ndinalengeza kuti galasi latopa lipume, ndinalifunditsa bulangeti, koma kuwala kunkatulukira m'mabowo n'kumaonetsa pa denga, anthu kuonera chagada. Ndinalitembenuzira kukhoma, zithunzi zinaboola njerwa, ndinapeza anthu ndi agalu atakhala kuseri kwa nyumba akuonera. Ndinalitulutsa panja m'mawa wa mwezi wa Juni, pa chisanu chathu chija chimene chimaumitsa mkodzo wa ng'ombe usanafike pansi, kuti mwina likazizidwa lichedwa, ndipo linachedwadi, anthu a mkatimo akuyenda ngati nanzikambe, koma dzuwa litangosuzumira pa phiri linathamanga kubweza nthawi yonse imene linataya. Tsiku lina anthu ali kumunda ndinazula fuwa pa moto, ndinatseka maso, ndinaponya ndi mphamvu zanga zonse, mwala unangolowa ngati m'dziwe osasiya ngakhale mng'alu, nukaswa windo la Nachisale mkatimo, mayi wamasiye wosalakwa, iye anatuluka ndi tsache akuyang'ana uku ndi uku. Ndinawonjezera tchimo pa tchimo.

Ndinapita nalo pa boma kwa Msilamu wina wa sitolo ya katundu wa m'nyumba, munthu amene amagula ngakhale chitseko chopanda nyumba. Anayang'ana galasi, nandiyang'ana ine, nati, "Achimwene, katundu amene mwini wake akutuluka thukuta mwezi wozizira uno, ine sindigula." Ndinatuluka, ndinalibereka kumsana, ndinakwera nalo Phiri la Dedza, kudutsa m'mapaini, nkhungu ikundimenya kumaso, anyani akunditsatira mumzere kuonera ulere, mpaka pamwamba penipeni pamene ukatambasula dzanja umakanda mimba ya ndege, ndinalisiya pamenepo, ndinatsika chothamanga osacheuka, miyala ikugubuduka pambuyo panga koma osandipeza, ndinafika kunyumba, ndinapeza lole ya matabwa itaima pabwalo, amuna ocheka matabwa akulitsitsa mosamala.

"Madala, mwaiwala katundu wanu," anatero mmodzi. "Dedza yonse ikudziwa mwini wake."

ANankhoma anawaphikira tiyi powathokoza.

Ndinaganiza zokalapa. Ku tchalitchi kwathu ndinaopa, ansembe amandidziwa ngakhale kutsokomola, ndiye ndinapalasa njinga mpaka ku Bembeke, liwiro lake moti matayala anafika akufuka ndipo chipewa changa chinandipeza ndili kale pa mzere wa olapa. Ndinaulula zonse, mkhate, Tete, Zambezi, windo la Nachisale. Ansembe anati, "Mulungu wamva, bambo. Nanga eni ake mkhate amva?" Ndinati eni ake ndi a mtima wofooka, zimenezi zingawadwalitse. Anati, "Panopa ali bwino?" Pobwerera njinga ndinachita kukankha.

Nditafika ndinapeza galasi lachita mdima. Amayi anati lafa, ena anayamba kubwerera kwa aLukiyo. Ine ndinadziwa kuti silinafe. Linali litafundidwa lona m'nyumba yosungira katundu, likudikira tsiku la msika. Masiku amenewo sindinkakhala malo amodzi. Ndinasosa munda wososa kale. Ndinagwetsa mpanda wabwinobwino kuti ndipeze chomanga. Pa bawo ndinkasewera mbali ya mnzanga. Ndikangoyenda pang'ono ndinkathamangira kunyumba kukasuzumira ngati mdima ukadalipo, ndikaupeza ndipume, ndikatuluka mtima uyambenso, mpaka ndinakumba kanjira pakati pa khonde ndi msewu kamene mvula ikagwa pano kamasanduka mtsinje. Ndinaonda mpaka lamba anazungulira kawiri. ANankhoma ankandiyang'ana ndi chisoni n'kunena kuti, "Musadandaule za mkhate, bambo a Sesiliya, inu munayesetsa." Ndipo ankandiwonjezera ndiwo.

Linali Loweruka masana, mbumba yonse ili pabwalo pathu kutonola chimanga, galasi atalitulutsa pakhonde kuti azire m'nyumba. ALukiyo anali pa mpando wanga, akupala mpini. Mwadzidzidzi mkati muja mdima unang'ambika kuchokera pamwamba, dzanja la mayi wa chipewa cha mlaza likukoka lona, ndipo msika wonse unatseguka, matebulo, simbi, mawotchi, anthu piringupiringu. Amayi anasiya zitsononkho n'kusendera pafupi.

"Joni uja ndi ameneyu?" anatero aLukiyo. "Nanga nyumba zazitali munkatiuza zija zili kuti, alamu? Apatu ndi padzala."

Anthu anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa kutali, pakati pa matebulo, ndinali nditaona kale jekete lofiirira ndi phukusi lozungulira, zikubwera.

"Alamu, uyo si inu? Matewe amenewo pa dziko lonse ali ndi mwini mmodzi."

Ndinalumpha n'kuima patsogolo pa galasi, ndinatambasula jekete ngati nkhuku yofungatira anapiye, koma ndinali nditaonda, anthu ankaonera m'khwapa. ANankhoma anadzuka pa mphasa, akukoka miyendo yawo ija, nabwera pafupi.

"Tasunthani, bambo a Sesiliya, ndione nawo." Anaika dzanja pamwamba pa maso. "Chitenje changa chija icho. Taonani mmene mwachinyamulira, manja awiri." Anatsitsa dzanja. "Apa ndiye kuti munali musanafike ku Tete."

Mpaka lero sindidziwa ngati ankafunsa kapena ankanditsegulira pothawira. Ndikanatha kuvomera. Ndikanatha kunena kuti msewu wa basi umayamba wadutsa ku Joni kenako n'kukhotera ku Tete, pabwalo ponsepo amene anakwerapo basi imeneyo ndinali ine ndekha.

Tsono apa ndinene, chifukwa mukakafunsa aLukiyo adzakuuzani zina. Iwo amati galasi limenelo ndi galasi wamba, lakale, la mawanga, loonetsa nkhope ngati ukuyang'ana m'chithaphwi. Amati amayi ankabwera kudzamanga mipango yawo ndi kudzamva ine ndikubwetuka za Chindevu. Amati tsiku limenelo munalibe msika mmenemo, munali ine ndekha nditatambasula jekete, thukuta lili chuchuchu, ndipo mlongo wawo anangoti ndisunthe aone ngati mpango wakhala bwino. Anene zimenezo, iwo m'maso muli ng'ala. Chimene sangakane, chifukwa analipo ndipo mpini unawagwa m'manja, ndi chimene ndinachita.

Ndinavula chipewa. Ndinagwada pa zitsononkho, pamaso pa mbumba yonse, kumbuyo kwanga munthu wa jekete lofiirira atakhala kale pansi, zala zili pa mfundo yoyamba. Ndinagwira manja a aNankhoma, onse awiri, iwo akufuna kuwabweza ine osalola, ndipo ndinayankhula mokweza kuti aLukiyo asadzati sanamve.

"ANankhoma, mkhate sunasweke. Munamanga bwino, udzu unali wokwana, unafika ku Joni wopanda ndi mng'alu womwe. Ndinamasula ndine, ndinaupereka kwa mzungu kusinthana ndi galasi ili, chifukwa ndinkafuna anthu adzaze pabwalo panga. Manja awa sanaswe kanthu. Ndinakunamizani, ndinanamiza mwana, ndinakusiyani mukudziimba mlandu ine ndikudya ndiwo zanu. Pepani, mayi a Sesiliya. Mundikhululukire, ngakhale kutakhala kuti si lero."